Suti ya Kaunda anasoka ndani?

Tisanafike n'komwe pokwerera minibasi ku Makeni m'mawa, timakhala titatchula kale maina a anthu anayi kapena asanu amene sitinawaonepo ndi maso. Wina akukuwa ali ku bafa kuti kolugeti yatha. Amai akufunsa amene wataya chivundikiro cha tapawea. Wamng'ono wakana kupita kusukulu chifukwa nsapato yake ya Bata yayasama kutsogolo. Ambuya nawo akubwezera pa mpando doilo limene mphaka wagwetsa usiku. Onsewa ndi maina a mabanja a eni ake, koma m'kamwa mwathu anasanduka zinthu kalekale.

William Colgate anatsegula bizinesi ya sopo ndi makandulo ku New York mu 1806. Lero ukapita pa kantemba n'kunena kuti ufuna kolugeti, wogulitsa amakufunsa kuti "iti?", ndipo ukhoza kubwerera kunyumba ndi mankhwala otsukira mano a kampani ina osaona chachilendo. Tomáš Baťa anali mwana wa munthu wosoka nsapato ku Zlín, m'dziko limene lero ndi Czech Republic, ndipo anayamba kampani mu 1894 pamodzi ndi mbale wake ndi mlongo wake. Ambiri a ife tinakula tikuyesa kuti Bata ndi liu la kwathu, pakuti limamveka ngati bata la mtendere lija. Earl Tupper anatulutsa mbale zake za pulasitiki mu 1946. Supu ya Knorr imene timathira mu nyama pa Sande ndi dzina la Carl Heinrich Knorr wa ku Heilbronn ku Germany. Ndipo makina akuda opalasa ndi phazi aja, amene analipirira ana ambiri sukulu mu Lusaka muno, ali ndi dzina la Isaac Singer, amene analembetsa makina ake osokera mu 1851.

Koma limene limatiseketsa kwambiri ndi doilo. Palibe chinthu cha m'nyumba za kuno chimene chimaoneka chathuchathu kuposa madoilo. Pa mpando, pa wailesi, pa TV, pamwamba pa kabati ya magalasi momwe mumakhala makapu aja osamwera munthu wamba. Azimai a ku Chelstone ndi ku Kabwata akhala akuluka madoilo zaka ndi zaka, ena atakhala pakhonde, ena m'magulu a ku tchalitchi, ndipo ambiri anadyetsa nawo ana. Komatu liuli linachokera kwa munthu wina wogulitsa nsalu ku London m'zaka za m'ma 1600, dzina lake Doiley. Iyeyo sanali woluka madoilo. Ankagulitsa nsalu imene anthu anaitcha dzina lake, kenako dzinalo linasamukira pa tinsalu tokongoletsa patebulo, n'kuwoloka nyanja, n'kudzatera pa mpando wa ambuya ku Makeni Villa. Munthu wagona m'manda zaka zoposa 300 koma dzina likali pantchito. Amene analuka doilo lili pampandolo, amene maso anayamba kuwawa chifukwa cholukira pa kandulo magetsi atapita, dzina lawo silinalembedwe paliponse.

Ife a mu Lusaka sitiyenera kudabwa nazo kwambiri, pakuti timagona ndi kudzuka m'maina a anthu. Minibasi ikachoka ku Makeni kulowa mu Kafue Road, ena amatsikira ku John Laing. Kufupi ndi Chawama kuli John Howard. Onse awiri ndi maina a makampani omanga amene antchito awo anamanga misasa pamalopo. Kumpoto kwa tauni kuli Marrapodi, dzina la Mtaliyana Giovanni Marrapodi amene ankaotcha laimu. Amene ankaphwanya miyala ndi kusenza njerwa, komboni sinatenge dzina lawo.

Tisamvane molakwa. Sitikudandaula kuti tinabwereka mau. Chinyanja cha mu Lusaka chimadya chilichonse, Chibemba, Chingelezi, Chilapalapa, ndipo n'chifukwa chake chili ndi moyo chotere. Funso lathu ndi lina. Mwa maina athu, ndi liti limene linatuluka m'dziko muno n'kukakhala liu m'kamwa mwa anthu ena? Tayesa kuwerenga, ndipo pa nkhani ya zovala limene limabwera msanga ndi limodzi chabe.

Ku Nairobi kapena ku Dar es Salaam, ukauza telala kuti ufuna Kaunda suti, sakufunsa kawiri. Amadziwa kuti ndi jekete lokhala ngati shati, la matumba kutsogolo, nthawi zambiri la manja aafupi, lovala popanda tayi, ndi buluku la nsalu imodzimodziyo. Kenneth Kaunda, mwana wa ku Lubwa ku Chinsali, analamulira Zambia kuyambira 1964 kufika 1991, ndipo pa zithunzi zambiri za nthawi imeneyo ali mu suti yotere, kampango koyera kali m'manja. Chovalacho chinali ndi uthenga wake. Tayi inali ya bwanamkubwa ndi a DC, ndipo mtsogoleri wa dziko lomasuka ankafuna kuoneka mwina. Ogwira ntchito m'boma anatengera, aphunzitsi aakulu anatengera, mpaka atate a m'komboni popita ku tchalitchi.

Mu Novembala 2023, patapita zaka ziwiri KK atamwalira ali ndi zaka 97, sipikala wa nyumba ya malamulo ya ku Kenya, Moses Wetang'ula, analetsa aphungu kulowa m'nyumbamo atavala Kaunda suti, pamene pulezidenti wawo William Ruto ndiye amaikonda kwambiri. Nkhaniyo inazungulira pa mafoni athu ndipo tinanyada. Dzina la kwathu likukanganitsa akuluakulu a dziko lina! Ena a ife amene sitinaivalepo sutiyo, amene tinkaiona ngati ya amalume opuma pantchito, tinayamba kuiteteza pa Facebook ngati kuti tinabadwa titaivala.

Kunyadako kutazizira, tinafunsana: nanga suti ya Kaunda anasoka ndani? KK sanali telala. Ngakhale mtundu wa chovalacho sanauyambitse ndiye, pakuti azungu ankavala kale safari suti popita kutchire. Iye anaitenga n'kuipatsa tanthauzo lina, ndipo pa chimenecho ulemu ndi wake ndithu. Koma panali munthu amene anamuyeza mapewa. Panali amene anadula nsalu, amene anakhala pa makina mpaka usiku kuti matumba alingane. Yesani kufunsa mu minibasi kuti ndani adziwa Kaunda suti, manja adzakwera mpaka kumpando wakumbuyo. Funsaninso dzina la amene ankaisoka, mudzamva kulira kwa injini chabe.

Frederick Chiluba atalowa mu 1991, tayi inabwerera, ndipo majekete a mabatani mizere iwiri amene anyamata ankasaka pa salaula anatchedwa machiluba. Liulo silinakhalitse, ife obadwa mochedwa sitinalipeze. Ku South Africa kuli mashati a Madiba, chiwongo cha Nelson Mandela. Dzina la Desré Buirski, mai amene anamupatsa shati yotere mu 1994 n'kupitiriza kumusokera zina zambiri, adziwa ndi ochepa. Nsalu ya shweshwe inatenga dzina kwa mfumu Moshoeshoe I ya Abasotho, imene inalandira nsaluyo kwa amishonale a ku France m'zaka za m'ma 1840. Ngakhale chitenge chodula chija cha ku Holland, chimene azimai amasunga pansi pa sutikesi kudikira ukwati waukulu, Vlisco, ndi chidule cha van Vlissingen ndi kampani yake ya ku Helmond ya mu 1846. Muona momwe zikuyendera. Dzina limapita kwa wovala wamphamvu kapena kwa mwini fakitale. Manja amene anagwira singano amatsala kumbuyo.

Sikuti nthawi zonse zimatero, ndipo apa mpamene mtima umakhalako pansi. Ku Uganda, diresi lalitali la mapewa osongoka ndi lamba wamkulu, limene azimai a ku Buganda amavala pa maukwati ndi pa maliro, limatchedwa gomesi. Gomes anali telala wochokera ku Goa amene anali ndi shopu yake ku Uganda kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Sanali mfumu kapena nduna, anali munthu wa sizasi ndi tepi, koma dzina lake ndilo chovala cha mtundu wonse. Ku Tanzania, Edward Saidi Tingatinga anayamba mu 1968 kujambula nyama ndi mbalame pa timatabwa, ndi penti yopakira njinga, n'kumagulitsa kwa alendo ku Dar es Salaam. Anajambula zaka zinayi chabe, pakuti mu 1972 anaphedwa ndi chipolopolo cha apolisi. Lero tingatinga ndi mtundu wa zojambula wodziwika mpaka ku Japan ndi ku Ulaya. Iyeyo ankalemba dzina lake pansi pa chithunzi. Kanthu kakang'ono, koma ndiko kanasiyanitsa.

Tsopano tibwerere kwathu. Ku Makeni kuno kuli telala amene ambiri a ife timapitako. Kashopu kake nka chitseko chimodzi, makina awiri, ndi mnyamata mmodzi wothandiza kusita. Munthuyu akakusokera jekete, limakhala pamapewa ngati unabadwa nalo. Tsiku lina tikudikira buluku, tinaona pa shelefu botolo la mayonesi lodzaza ndi tinsalu ta maina: Gucci, Dior, Versace. Amatidula pa zovala za salaula zimene zang'ambika kosakonzeka. Titamufunsa, anaseka n'kunena kuti si nzeru zake, ndi makasitomala. Munthu wasoketsa suti ya ukwati, wayesa, yamukwana bwino, ndiye akuti, "Atelala, ikaniponi kalebulo mkati, anthu asadziwe kuti njosoketsa."

Taganizirani zimene zikuchitika pamenepo. Guccio Gucci anali munthu ngati iyeyu, mmisiri amene anatsegula shopu ya zinthu zachikopa ku Florence mu 1921 n'kuikapo dzina la banja lake. Patapita zaka 100, telala wa ku Makeni akugwira ntchito usiku wonse kuti ulemu upite kwa Mtaliyana amene safuna n'komwe thandizo lake. Pa phwando ku Woodlands anthu akafunsa mwini suti kuti waigula kuti, yankho ndi "ku Johannesburg". Wofunsayo, amene mwina akanapita ku Makeni mawa lake ndi nsalu m'manja, amangogwedeza mutu n'kupita kukafuna m'sitolo. Si ulemu wokha umene watayika apo. Ndi lendi ya shopu, ndi malipiro a mnyamata wosita uja, ndi makina achitatu amene sadzagulidwa.

Ndipo tisaloze chala makasitomala ena ngati kuti ife ndife oyera. Tikajambulitsa chithunzi cha pa kitchen party, timalemba dzina la malo, dzina la wojambula, nthawi zina ndi la sitolo imene tinagula nsapato. Amene anasoka diresi, chinthu chimene aliyense akuyamikira pa chithunzicho, timangoti "telala wanga". Ena timabisa dala, kuopa kuti anzathu angakasoketse chofanana.

Chifukwa chiyani dzina la mmisiri limativuta kutchula? Mbali ina ndi ulemu weniweni, ndipo sitifuna kuunyoza. Kwathu munthu wamkulu satchulidwa dzina. Mai wogulitsa chikanda pa kona timamudziwa kuti amake uje. Tikhoza kugula kwa iye zaka khumi osadziwa dzina lake lobadwa nalo, ndipo kumufunsa kungaoneke ngati mwano. Tikafuna kulemekeza timatchula chiwongo: a Phiri, a Banda, a Mwale, a Tembo, Naphiri, Nambewe. Koma chiwongo si cha munthu mmodzi. Mukatulutsa shati n'kuitcha banda, ya Banda uti? M'kalasi limodzi ku Kabwata mukhoza kukhala a Banda asanu osadziwana. Dzina la mzungu pa katundu limati "ichi n'changa". Chiwongo chathu chimati "ndine wa awa". Ndi ntchito ziwiri zosiyana.

Chinanso, chiyankhulo chathu chimakonda kutcha chinthu potengera zimene chimachita kapena momwe chimapezekera. Salaula ndi liu la Chibemba la kusankha pa mulu. A kum'mawa ndi a ku Malawi amati kaunjika, chifukwa zovalazo amaunjika. Chikondamoyo dzina lake likudzifotokoza lokha ukangoluma. M'mau amenewa mulibe mwini, ndipo pali ubwino wake. Chikanda, chopangidwa ndi tizinthu ta pansi ta maluwa akutchire, nsinjiro, soda ndi tsabola, chinachokera kumpoto n'kufalikira Zambia yonse popanda wina kulipira wina. Chikanakhala ndi dzina la banja limodzi ndi mapepala a maloya, amai a pa kona aja akanathamangitsidwa kalekale. Zinthu zina n'zabwino kuti zikhale za tonse, ndipo nsima isadzatchedwe dzina la munthu.

Tivomerenso kuti dzina likasanduka liu, mwini wake amamezedwa. Ndani amaganiza za Doiley akamayala doilo? Zithunzi zambiri za tingatinga zimene zimagulitsidwa lero anajambula ndi anthu amene anabadwa Edward Tingatinga atamwalira kale, ndipo pamene katuni ya ana yotchedwa Tinga Tinga Tales inayamba kuonetsedwa pa BBC mu 2010, ana ambiri amene ankaionera sankadziwa kuti limenelo ndi dzina la munthu. Choncho sitikunena kuti telala aliyense alote zoti dzina lake lidzalowe mu dikishonale. Zimenezo zimachitikira mmodzi mwa ambirimbiri, ndipo nthawi zambiri mwini wake sakhalapo kuti aone.

Chimene tikunena n'chaching'ono kuposa pamenepo. Mwambo wosatchula maina unkayenda bwino kumudzi chifukwa aliyense ankadziwa kale amene waumba mbiya ndi amene wasema mtondo. Panalibe chifukwa cholembera. Mu mzinda wa anthu mamiliyoni, momwe wogula ali ku Kabulonga ndipo wosoka ali ku Makeni, chinthu chopanda dzina chimakhala cha amene wachigulitsa komaliza. Ulemu umene unkateteza mmisiri kumudzi, m'tauni ukumubisa.

Pitani ku Kabwata Cultural Village mu Burma Road, m'tinyumba tozungulira ta udzu tija timene tinatsala pa nyumba zimene atsamunda anamangira antchito achikuda. Nyamulani njovu yosema kapena mbale ya mukwa, muitembenuze pansi. Kawirikawiri mudzapeza mtengo wosalala chabe. Chimodzimodzi pa msika wa pa Sande ku Arcades, kapena pa msika wa ku Dutch Reformed ku Kabulonga Loweruka lomaliza la mwezi. Mlendo amagula, amakwera ndege, ndipo kwawo chinthucho chimatchedwa "cha ku Africa", ngati kuti chinamera chokha pa mtengo. Akachikonda n'kufuna china, alembera ndani? Pamene Henry Tayali, amene anamwalira mu 1987, timamudziwa mpaka lero. Chiboliboli chake cha The Graduate chili pa UNZA, ndipo nyumba yoonetsera zaluso ku Showgrounds ili ndi dzina lake. Luso la Tayali linali lalikulu, inde. Koma m'tinyumba ta ku Kabwata mwadutsa manja ambiri aluso amene sanasiye chilembo ngakhale chimodzi pansi pa ntchito yawo.

Kwa anzathu amene mukusoka, kuluka, kusema, kuphika makeke ndi kupanga tsabola wa m'mabotolo: lembani dzina. Ngati Phiri wachuluka, wonjezani dzina loyamba, kapena la ambuya anu, kapena la mudzi wanu. Adidas ndi Adi Dassler wodulidwa pakati. Palibe chimene chingaletse mwana wa a Sakala kuchita chimodzimodzi. Bizinesi ikayamba kuyenda, ku PACRA amalembetsa maina a mabizinesi ndi zizindikiro za malonda, kuti wina asadzakulandeni dzina lanu lomwe. Ndipo kasitomala akapempha kalebulo ka Gucci, tikudziwa kuti kukana n'kovuta pamene lendi yayandikira, koma mwina yesani kuika kanu pambali pake, ngakhale mkati mwa thumba.

Kwa ife ogula ntchito yake njopepuka koposa. Kufunsa kuti "anapanga ndani?" sikulipiritsa. Pali njira yofunsira dzina mwaulemu, tonse timaidziwa, timaigwiritsa ntchito tikafuna kudziwa kwawo kwa munthu amene watisangalatsa. Ndipo wina akatiyamikira chovala, tinene zoona, kuti n'chosoketsa, kwa a uje, kuseri kwa msika, chitseko chobiriwira. Mnzathu akakasoketsa chofanana, dziko silitha.

Tinabwerera kwa telala wathu sabata yatha kukamuuza kuti tikulemba nkhaniyi, ndipo tinapempha kuti tiike dzina lake muno. Anaganiza kanthawi, tepi ili m'khosi, kenako anakana. Akuti eni nyumba akaona dzina lake pa intaneti adzayesa kuti walemera, mwezi wamawa lendi ikwera. Tinaseka, ngakhale sizinali zoseketsa kwenikweni. Koma tikutuluka anatiitananso n'kutifunsa kuti tilebulo tolembedwa dzina amadinda kuti m'tauni, ndipo timachita ndalama zingati tikakhala 100. Botolo la mayonesi lija likali pa shelefu.